Tayala la Ngolo Nalonso ndi Amana



Ife a kuno ku Nkhotakota ngolo timaiwerengera ngati m'bale wa pakhomo. Yathuyi, imene miyendo yake inachokera ku galimoto yakale, imatuta mpunga kudambo, imakatula matumba a usipa ku msewu wa M5, ndipo munthu akadwala usiku m'mudzi muno, ndi yomweyi imene imathamangira naye ku chipatala. Choncho tayala likaphulika panjira, si katundu yekha amene ali pa chiswe ayi, komanso moyo wa munthu.

Titamaliza kukolola mpunga tinakhala pansi monga banja kuti tione za miyendo ya ngoloyi. Matayala anali atachita ming'alu m'mbali chifukwa cha dzuwa, ndipo malimu anali atadyedwa ndi dzimbiri. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, koma chinyezi ndi matope a m'dambo zimatha chitsulo mwakachetechete. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa matayala atsopano unatithawa. Ena pakati pathu anati tingopaka penti kuti ngolo ioneke bwino, za matayala tidzaona mtsogolo. Bambo athu aakulu anakana, amvekere ndalama yochepa imayambira pamene pali moyo, kukongola pambuyo.

Motero tinafuna matayala ogwirapo kale ntchito, koma sitinagule mwachimbulimbuli. Pambali pa tayala pamalembedwa DOT, ndipo manambala anayi omalizira amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mwachitsanzo, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Lokhala ndi manambala atatu okha linapangidwa chisanafike chaka cha 2000, musalikhudze n'komwe. Opanga matayala ambiri amalangiza kuti tayala lopitirira zaka khumi lichotsedwe ngakhale mapanda ake akuoneka abwino. Tinasankha awiri ofanana saizi, opanda chotupa kapena chigamba m'mbali, okhala ndi chilembo C chimene chimasonyeza kuti ndi onyamula katundu wolemera. Machubu okha ndiwo tinagula atsopano.

Malimu sitinagule ena. Wokonza matayala atativulira, tinawayang'anitsitsa ngati ali ndi mng'alu kapena kupindika, pakuti limu losweka penti sangalichize. Kenaka anyamata athu, atabwera ku madrasa, anagwira bulashi ya waya ndi sandipepa n'kupala dzimbiri lonse, makamaka mkati mmene mumakhala chubu, poti zibenthu za dzimbiri ndizo zimaboola chubu pang'onopang'ono. Titapukuta fumbi tinapaka penti wofiira uja wa red oxide, ndipo atauma tinapaka wa mafuta kawiri, mopyapyala. Tinayanika m'khonde chifukwa mwera ukamaomba, mchenga umamatirira pa penti wosauma. Pamene pamakhala manati sitinakhuthalitsepo penti, kuopa kuti akadzaphwanyika manatiwo angadzamasuke. Titayenda ulendo woyamba tinawamanganso.

Matayala akale aja sitinawasiye kuseri kwa nyumba, pakuti akasunga madzi a mvula amasanduka chisa cha udzudzu. Tinawapereka kwa mmisiri wosoka nkhwaira, ndipo machubu tinawadula malegeni omangira katundu pa njinga.

Chipembedzo chathu chimatiletsa israaf, kumene ndi kumwaza chuma, komanso chimadana ndi umbombo. Kutaya limu loti likadakonzeka ndi kabotolo ka penti ndi kumwaza. Kukweza mayi woyembekezera pa tayala lovunda chifukwa choumira ndalama ndi umbombo, ndiponso kuphwanya amana, pakuti iye wakhulupirira kuti mwini ngolo anaisamala. Timayedzamira kwa Allah, inde, koma titayamba tachita mbali yathu.

Tsono inu abale a ku Linga, ku Chia, ku Dwangwa ndi kwina konse, mvula isanagwe gwadani pansi muyang'ane miyendo ya ngolo zanu. Allah atisunge m'maulendo athu ndipo adalitse thukuta lathu. Ameen.