Ndalama za CASDI ndi zako, mwana wanga

Mwana wanga,

Wandiuza kuti ukachira udzangopuma masabata awiri n'kubwerera kuntchito, poopa kuti abwana angamakuone ngati waulesi. Ine sindikuvomereza. Ndinagwira ntchito mu ofesi ya malipiro mpaka kumera imvi, choncho pa nkhani iyi undimvere.

Tenga pepala lako la malipiro, uyang'ane pamene alemba ndalama zodulidwa. Upezapo mzere wolembedwa CASDI. M'chaka cha 2025 ankadula 1.2 peresenti, ndiye kuti dola imodzi ndi masenti 20 pa madola 100 alionse amene wakhetsera thukuta. Abwana saponyamo kalikonse m'thumba limeneli. Ndi la antchito eni ake, boma la California limangoliyendetsa kudzera mu ofesi yotchedwa EDD. Ndi chipereganyu ndithu, ndipo munthu amene wakhala akusonkha mwezi ndi mwezi sachita manyazi tsiku lake lolandira likakwana.

Thumbali lili ndi mbali ziwiri, ndipo iwe uli ndi gawo konsekonse. Mbali yoyamba, imene inayamba mu 1946, ndi ya munthu amene walephera kugwira ntchito chifukwa cha matenda kapena kuvulala kosachokera kuntchito. Pakati amawerengeranso momwemo. Kawirikawiri amalipira masabata anayi tsiku lako lisanafike, kenako masabata asanu ndi limodzi ukachira bwinobwino, kapena asanu ndi atatu ukachira pa opaleshoni. Dokotala akaona kuti thupi silinabwerere m'malo mwake, akhoza kulemba kuti masabata awonjezereke. Masiku asanu ndi awiri oyambirira salipira, ndiye usungeko kandalama ka lendi.

Mbali yachiwiri ndi tchuthi cholipidwa chosamalira banja. Bwanamkubwa Gray Davis anasaina lamulo lake mu 2002, anthu n'kuyamba kulandira mu 2004, ndipo California ndi imene inayamba zimenezi mu America monse. Poyamba anali masabata asanu ndi limodzi, koma kuyambira Julaye 2020 ndi asanu ndi atatu. Amenewa ndi oti ukhale ndi khanda lako, ulidziwe kulira kwake. Malipiro sabwera onse ayi: kuyambira Januwale 2025 amapereka pakati pa 70 ndi 90 peresenti, olandira zochepa ndiwo amapeza 90, ndipo pali malire a ndalama zimene munthu angalandire pa sabata.

Kodi ukudziwa kuti boma lalikulu la ku Washington lilibe lamulo lopatsa mayi aliyense wapantchito tchuthi chauchembere cholipidwa? Lamulo lake la 1993 limangosunga ntchito ya munthu kwa masabata 12, popanda ndi senti yomwe. Kuno kwathu, ndi umphawi wathu womwewu, lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi masabata asanu ndi atatu a malipiro athunthu kamodzi pa zaka zitatu. Anzako a m'zigawo zambiri za America alibe chimene uli nachocho, ndiye iwe n'kumachikankhira kutali?

Pali msampha umodzi. Ndalama za EDD sizisunga ntchito yako. Zosunga ntchito ndi malamulo ena a California, la tchuthi cha amayi oyembekezera ndi lina lotchedwa CFRA, ndipo onse awiri amagwira pakampani ya antchito asanu kapena kuposerapo. La CFRA limafunanso kuti ukhale utagwirapo chaka ndi maola 1,250. Upite ku ofesi yoona za antchito mimba isanakule, ndipo zimene akuuze akulembere. Zapakamwa ndinaziona zikukanidwa kambirimbiri. Mafomu nawonso sadikira munthu: a matenda afike pasanathe masiku 49 chisiyireni ntchito, a tchuthi cha banja pasanathe masiku 41 chiyambireni tchuthicho.

Tsono za mkamwini wanga. Ngati nayenso amadulidwa CASDI, ali ndi masabata ake asanu ndi atatu, osachotsera pa ako, ndipo akhoza kuwatenga nthawi iliyonse mwana asanakwanitse chaka. Nthawi imene ndinakubereka iwe, m'chikuta munali agogo ako ndi azakhali ako, wina kuphika phala, wina kuchapa matewera, ine ntchito yanga kuyamwitsa basi. Kumeneko ulibe anthu amenewa, ndipo za viza yanga sizikudziwika. Amene adzadzuke pakati pa usiku kukutenthetsera madzi ndi amuna akowo. Mukhoza kutenga tchuthi pamodzi masiku oyamba ovutawo, ena iwo n'kusunga kuti adzakhale ndi mwana iwe ukabwerera kuntchito. Akamati anzawo adzawaseka, undipatse pa foni Lamulungu ndilankhule nawo ndekha.

Ndine mayi ako.