Gitala ya Maanga a Nkhanga

Achimwene,

Uthenga wanu ndaulandira. Ndasangalala kumva kuti mvula yakhazikika, kuti chimanga cha kumunda wa kuphiri chafika m'chiuno, ndiponso kuti mwendo uja wayamba kuwalola amayi kufika kutchalitchi. Pomaliza mudandifunsa chimene chimandichotsa m'nyumba mwezi wa Januwale, chisanu chili pachimake, n'kukwera sitima mpaka ku Chicago chifukwa cha munthu mmodzi woimba gitala. Pa foni timalankhula mothamanga poopa netiweki, choncho ndati yankho lake ndilembe mofatsa.

Kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, Amalawi tilipo ambiri ndithu. Timakumana kutchalitchi, timasonkherana pakagwa maliro, pa 6 Julayi timaphika nsima n'kuvina. Koma amenewo ndi masiku owerengeka. Masiku ena onse ndi a mashifiti kunyumba yosamalira okalamba, kutuluka kuli mdima, kubwerera kuli mdima. Mphepo ikawoloka nyanja ya Michigan imatikhuthulira sinoo mpaka galimoto kukwiririka. Pamsewu palibe woima kuti akufunse mmene kunyumba kwachera. Ndikamasambitsa ndi kudyetsa makolo a eni, mtima umandifunsa kuti nanga anga akuwatungira madzi ndani. Funsoli limaluma kwambiri mu Januwale, chifukwa ndimadziwa kuti kwathu kwabiriwira, bowa watuluka, nkhwani wayamba kuthyoledwa, ndipo ine kulibe.

Ndi mwezi womwewu umene a Buddy Guy amaimba mausiku angapo sabata iliyonse m'nyumba yawoyawo ya zoimbaimba yotchedwa Legends. Adaitsegula mu 1989, ndipo kuyambira mu 2010 ili pa nambala 700 mumsewu wa South Wabash. Ndimakwera sitima ya South Shore Line pa bwalo la ndege la South Bend, n'kudutsa Michigan City ndi mafakitale a zitsulo a ku Gary, mpaka kutsika pakati pa mzinda. Legends si holo yaikulu ayi. Muli matebulo, bala, ndi magitala a oimba otchuka opachikidwa m'makoma. Amaphika zakudya za ku Louisiana, kwawo kwa mwini nyumba, ndipo ine ndimaitanitsa mlamba wokazinga chifukwa ndi umene umandikumbutsa wa kumsika wa ku Limbe.

Kuti mumve chimene mtima wanga udawakondera agogowa, muyambe mwadziwa kumene adachokera. Adabadwa pa 30 Julayi 1936 ku Lettsworth, kumidzi ya ku Louisiana. Makolo awo ankalima thonje m'munda wa mwini malo n'kumagawana naye zokolola, ife tingati anali matenanti. Gitala yoyamba sadagule. Adasolola mawaya pa sefa yotchinga udzudzu pa zenera la amayi awo n'kuwakunga okha. Atakula pang'ono adakagwira ntchito zamanja pa yunivesite ya ku Baton Rouge, ndipo mu Seputembala 1957, ali ndi zaka 21, adakwera sitima kulowera kumpoto, ku Chicago, monga ankachitira anthu akuda ambirimbiri a kum'mwera m'zaka zimenezo. Iwo eni amasimba kuti miyezi yoyambayo idali yowawa, kuti adagonapo ndi njala masiku angapo, mpaka a Muddy Waters, amene panthawiyo anali kale mfumu ya blues mumzindamo, adawamva akuimba n'kuwapatsa buledi ndi nyama. Achimwene, munthu aliyense amene adafikapo kwa eni ndi chikwama chimodzi amaidziwa mbale yoyamba imene mlendo mnzake adamupatsa, ndipo saiwala.

Ku kampani yojambula nyimbo ya Chess adakhala zaka zambiri akuimbira kumbuyo kwa ena, a Muddy Waters, a Howlin' Wolf, mayi Koko Taylor. Mwini kampaniyo ankaona ngati kaimbidwe kawo ka pa siteji ndi phokoso chabe, motero pojambula ankawauza kuti adzigwire. Masana ankayendetsa galimoto yokoka magalimoto owonongeka kuti apeze ya lendi. Koma amene ankawaona maso ndi maso ankachoka atasinthika. Atapita ku England mu 1965, anyamata ngati Eric Clapton ndi Jeff Beck adawaonera, ndipo zambiri zimene dziko lidadzazitcha blues rock zidamera pamenepo. Jimi Hendrix nayenso adatengako. Ophunzira adalemera n'kutchuka, mphunzitsi akadali m'mabala a ku Chicago. Dzina lawo lidadzakwera bwino mu 1991, ali ndi zaka 55, ndi chimbale cha Damn Right, I've Got the Blues chimene chidapata mphotho ya Grammy. Mu 2005 a B.B. King ndi a Clapton ndi amene adawalowetsa mu Rock and Roll Hall of Fame.

Zonsezi mukhoza kuziwerenga. Chimene simungachiwerenge ndi chimene chimachitika m'chipindamo. Bandi imayamba yokha, ng'oma, besi, kiyibodi ndi gitala yachiwiri. Kenako mumangomva nsambo imodzi ikulira, mwini wake asanaoneke, anthu n'kuimirira. Akulowa mkulu wovala chipewa, akumwetulira ndi mano onse, atakolekera gitala ya Fender Stratocaster yakuda ya madontho oyera, maanga ake ngati a nkhanga. Usiku umene ndimaukumbukira kwambiri ndi wa mu Januwale 2023, ali ndi zaka 86. Poyenda ukalamba unkaoneka. Zala zokha zidakana kukalamba.

Amakankha nsambo ndi chala kuikweza m'mwamba, mawu ake n'kukwera pang'onopang'ono, n'kuwasiya ali lende pamenepo, osafika pamene khutu likuyembekezera. Iwe womvera umapezeka wagwira mpweya. Akafuna amatsegula zonse, gitala n'kukuwa mpaka matambula kunjenjemera pa tebulo. Ndiye mwadzidzidzi amakweza dzanja, bandi yonse n'kutsika mpaka woimba ng'oma kumangosisita. Pamenepo amaimba motsitsa kwambiri, kusiya ndi maikolofoni omwe, moti umamva chala chikukhudza waya. Nyumba yodzaza anthu omwa mowa imangoti zii. Ine ndidaphunzira kwa iwo kuti mphamvu ya woimba ili pa kudziwa nthawi yotsitsa mawu, chifukwa wofuula anthu amamumva ali chikhalire, koma wonong'ona amamusendera pafupi.

Amasewera nawonso anthu. Akakuuzani kuti muvomere nyimbo inu n'kuvomera mwaulesi, amaimitsa bandi n'kukudzudzulani ndi mawu oti kutchalitchi sangatchulidwe, holo yonse n'kufa ndi phwete. Amaliza gitala ndi kamtengo koimbira ng'oma, amaikwapula ndi thaulo, amaikhuza pa malaya awo n'kutulutsa nyimbo. Pakati pa zonsezi amaphunzitsa. Amaimba kachidutswa mmene ankaimbira a John Lee Hooker, kena mmene ankaimbira a B.B. King, kena ka gulu la Cream ndi ka Hendrix, akutchula dzina la aliyense kuti achinyamata adziwe kuti nyimboyi ili ndi makolo ake. Ambiri mwa amene amawatchulawo adatsogola: a Muddy Waters mu 1983, mnzawo wapamtima Junior Wells mu 1998, a B.B. King mu 2015. Amanena poyera kuti adalonjezana ndi a Muddy Waters kuti wotsala asalole blues kufa. Ukawayang'ana umaona munthu amene wasenza mtolo wa anzake onse, koma akuusenza akuseka.

Ndiye pali nthawi imene amatsika pa siteji. Luso limeneli adalitengera kwa Guitar Slim, woimba amene adamuona ali mnyamata ku Louisiana akuyenda pakati pa anthu ndi chingwe chachitali cha gitala. Masiku ano chingwe palibe, koma mwambo ulipo. Amadutsa pakati pa matebulo akuimba, n'kukafika ku bala, nthawi zina mpaka kutuluka pakhomo. Usiku uja wa mu 2023 adadutsa pafupi ndi pamene ndidaima. Ndidaona thukuta pa chipumi, misempha ya pa dzanja, ndi zikhadabo za munthu amene adayamba watola thonje asanagwire gitala. Ndi manja a mtundu umene ndimawagwira tsiku ndi tsiku kuntchito, komanso ndi manja a amalume athu.

Mukukumbukira amalume mmene ankakhalira pa khonde madzulo, atabwera kumunda, ndi gitala ija adakhoma okha ndi chigubu cha mafuta, thabwa ndi mawaya a mabuleki a njinga? Ife tinkangoti ndi zocheza za akulu, tikuthamangira mpira. Atabwerera pa siteji a Buddy Guy adaimba Feels Like Rain, nyimbo yopeka John Hiatt imene iwowo adaijambula mu 1993. Ndi nyimbo yofatsa yotchula mvula. Kunja kudali sinoo, koma ine fungo la dothi la ku Chiradzulu mvula itangogwa lidandifika m'mphuno, ndipo ndidamva madontho pa malata ndi nsambo za amalume pansi pake. Misozi idatsika, ndipo sindidaipukute.

Madontho a pa gitala yawo ali ndi nkhani yake. Pochoka ku Louisiana amayi awo adali atadwala sitiroko, ndipo pofuna kuwasangalatsa adawalonjeza kuti akapeza ndalama adzawagulira galimoto ya Cadillac ya madontho. Mayiwo adamwalira mu 1968 lonjezo lisanakwaniritsidwe. Gitala ya madonthoyo ndi chikumbutso chawo. Achimwene, tonsefe amene tili kuno tidasiya malonjezo otero pa bwalo la ndege la Chileka ndi la Kamuzu. Tidati zaka ziwiri zokha, tidati tikamanga nyumba ya malata tibwerera. Ndikaona gitala imeneyo ndimaona munthu wa zaka zopitirira 80 amene mphotho zonse za dziko lino sizidamuchotsere ngongole ya kwa mayi wake, ndipo ndimachita mantha ndi yanga.

Pobwerera m'sitima ndimaganizanso za akuluakulu athu a nsambo. A Daniel Kachamba a ku Chileka adafika ndi gitala yawo mpaka ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970, n'kumwalira mu 1987. A Allan Namoko a ku Thyolo, osaona, ankaliza banjo ndi mawu osasa amene ine ndikawamva lero ndimamva ululu womwewo wa blues. Adamwalira mu 1995 ali osauka, ngakhale nyimbo zawo zinkamveka pa MBC m'nyumba iliyonse ya wailesi. Sitidawaonepo ndi maso, ineyo ndi inu, chonsecho ku Thyolo si kutali. Agide, a Giddes Chalamanda a kwathu ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, adachita mwayi kuti Patience Namadingo adaimba nawo mu 2020, achinyamata n'kuwadziwa akadali moyo. A Buddy Guy ali ndi nyumba imene anthu ochokera kutali amabwera kudzawaona, n'kulipira pakhomo, n'kuima pa mzere m'chisanu. Athu timayembekeza tsiku la maliro kuti tiwatamande. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo sitiliyendera.

Ndili ndi zimbale za a Buddy Guy pa foni, ndipo ndimazimvera popita kuntchito. Ndi zabwino. Koma mulibe kuyembekeza kuja nsambo ili lende, mulibe chete uja wa anthu mazana atagwira mpweya limodzi, mulibe maso a mkulu akukuyang'ana iweyo. Zaka zonse zimene ankawaletsa kuimba momasuka pojambula, a Buddy Guy enieni ankapezeka ndi okhawo amene adanyamuka n'kupita kumene iwo ali. Ndi mmenenso kulili kwathu kwa ine tsopano. Ndimalandira mawu a amayi pa WhatsApp, ndimaona zithunzi za chimanga, ndimatumiza ndalama mwezi ukatha. Zonsezi ndi zoona, koma sizindikhazika pa mphasa pafupi ndi amayi. Mu 2023 a Buddy Guy adayamba ulendo wotsanzikana ndi maulendo ataliatali, ndipo aliyense m'chipinda muja amadziwa kuti Januwale wina adzafika iwo palibe. N'chifukwa chake sindizengereza kugula tikiti. Ndazindikira kuti changu chomwecho ndiyenera kukhala nacho pa tikiti ya ndege.

Tsono ndili ndi pempho. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu kuno akubwera ku Blantyre mwezi wamawa, ndipo ndamupatsira nsambo zatsopano za gitala ndi ndalama pang'ono. Mukagule gitala yeniyeni, ingakhale yakale, mukawapatse amalume. Lamulungu lina masana mutenge ana anu ndi a achemwali mupite nawo kumeneko, mafoni akhale m'thumba, amalume aimbe mpaka atatopa. Muwafunse amene adawaphunzitsa, ndi nyimbo zimene ankaimba pa zikwati kalelo, anawo amve mayina. Ine ndayamba kale kupatula ya ulendo pa malipiro alionse, ndipo ndapempha tchuthi kuntchito kuti dzinja likubwerali ndidzapalire nanu. Muwauze amayi zimenezi, koma muwauze kuti ndatchula ndi mwezi womwe, Disembala.

Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu.