Kwa Mdzukulu Wanga, pa za Umodzi wa Mpingo

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Popeza mpingo wakusankha udikoni, ndati ndikutsine khutu pa chinthu chimodzi: mpingo umakhala pamodzi ngati amene ali ndi mphamvu alolera kusiyira ena gawo lawo.

Taona za ku Yerusalemu pa Machitidwe 6. Akhristu olankhula Chigiriki anadandaula kuti amasiye awo akuiwalika pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sanawatche ogalukira. Anasonkhanitsa gulu lonse, ndipo linasankha amuna 7, kuphatikizapo Stefano ndi Filipo. Onsewo mayina awo ndi Achigiriki, zomwe zikuonetsa kuti chipande chinapita m'manja mwa mbali yomwe inkalira njala. Koma ku Korinto kunalibe wololera. Ena ankatsata Paulo, ena Apolo, ena Kefa, ndipo pa Mgonero olemera ankayamba kudya mpaka kuledzera, osauka akungoyang'ana. Mutu 13 wa 1 Akorinto, womwe timakonda kuwerenga pa maukwati, Paulo analembera anthu okanganawa, podziwa kuti kuleza mtima kumaoneka pamene mnzako wakuponda chala.

Mwina uti, kodi kumeneku si kulekerera zoipa? Wina akadya ndalama za Pepa Sande tizingoti chikondi? Iyayi. Ku Antiokeya, Petro atasiya kudya ndi Akhristu a mitundu ina, Paulo anam'dzudzula maso ndi maso, ndipo anatero pofuna kuti onse azidyerabe pamodzi. Pa Mateyu 18 njira yake ndi yomveka: uyambe kukambirana naye awiriwiri, zikakanika utenge mboni imodzi kapena ziwiri, mpingo umve pomaliza. Woyambira pa gulu la WhatsApp la kwaya wayamba ndi kumathero, ndipo akufuna kuchititsa mbale wake manyazi, osati kumubweza.

Utinso, nanga ena sagwirizanika? Zoona, Paulo ndi Barnaba anapatukana chifukwa cha Yohane Marko. Koma sanatseke chitseko, pakuti pa 2 Timoteyo 4 Paulo yemweyo akuitanitsa Marko kuti adzamuthandize. Kusiyana pakokha sikupasula mpingo. Kwathu kuno a Livingstonia ndi a Blantyre anapanga CCAP mu 1924, a Nkhoma n'kulowamo mu 1926, chonsecho amishoni awo anachokera kosiyana, ena ku Scotland, ena ku South Africa, ndipo ena ankapemphera m'Chitumbuka, ena m'Chinyanja. Mutu umodzi susenza denga, koma osenzawo amayenda mwa liwiro la wofooka, apo ayi denga limagwa.

Tsono tsiku logawa chimanga cha amasiye, thumba loyamba ukalitule pakhomo pa amene sanakuvotere. Ena adzati ndiwe wamantha. Asiye anene, iwe ukagawe.

Upereke moni kwa onse kumeneko.

Ndine agogo ako.