Chilendo Sichibisika: Ulendo Wathu wa ku Joni

Ife a ku Nkhotakota mlendo timamudziwa asanatsegule n'komwe pakamwa. Akangotsika minibasi pa Linga, kapena akaima pamchenga kuonerera asodzi akukoka khoka, timatsinana ndi kunong'onezana kuti uyu si wakuno. Mzungu ndiye n'chosachita kufunsa, ana amamulondola akufuula mpaka akalowe kumene akugona. Koma ngakhale munthu wakuda ngati ife wochokera kumtunda timamuzindikira ndi mmene akuopera kuponda m'bwato, ndiponso mmene akulimbanirana ndi kondowole m'manja. Tauni yathu inazolowera alendo kuyambira kale. Jumbe Salim bin Abdallah anafika kuno m'zaka za m'ma 1840, ndipo David Livingstone anakhalapo pansi pa mtengo uja mu 1863. Chokhacho chimene ambiri a ife sitinachilawepo ndicho kukhala ife eni ake munthu wotsinidwirana uja.

Tinachilawa mu June 2023. Tinali atatu: alongo athu aakulu, alamu athu, ndi ife olemba nkhaniyi. Mwana wa alongo athuwo anapita ku Johannesburg mu 2016, ndipo amagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Fordsburg. Anakwatira konko, mwana n'kubadwa, kenaka tinamva kuti wadwala chifuwa kwa miyezi. Mayi ake tulo anasiya kuliona. Tinagulitsa matumba a mpunga, tinakonza mapasipoti, ndipo usiku woti mawa tinyamuka mnyamatayo anaimba foni.

"Amalume, mverani bwino. Pasipoti isakhale m'chikwama, ikhale pathupi. Ndalama musasinthe kwa anyamata a pachipata. Ndipo mukafika pa Park Station musatuluke panja, musatsate munthu wina aliyense, mpaka mutaona nkhope yanga."

Tinaseka, poganiza kuti mwana amene tinamuphunzitsa kupalasa bwato lero akutiphunzitsa kuyenda.

Tinadzera ku Salima kukagona ku Lilongwe, ndipo m'mawa mwake basi inatitenga kulowera kuchipata cha Dedza. Tsidya linalo, pa Calomue ndi dera lonse la Angonia, munthu sudziwa n'komwe kuti watuluka m'dziko. Amayi ogulitsa mbatata ya kachewere amakuitana m'Chichewa, ndipo minda ndi yofanana ndi ya ku Ntcheu. Chilendo chinayamba titatsika mapiri kulowera ku Moatize, kumene kuli malambe, fumbi la malasha ndi kutentha ngakhale m'nyengo yozizira. Pamalo pena m'njiramo basi inaimitsidwa, tonse tinatsika, ndipo munthu wovala yunifolomu anatenga pasipoti ya alongo athu. Anaitembenuza uku ndi uku akuyankhula Chipwitikizi, kenaka anaiika m'thumba la malaya ake n'kuyang'ana kumbali. Alongo athu miyendo inagwira madzi. Alamu anayamba kukweza mawu m'Chingerezi, chinthu chimene chikadangoonjezera moto.

Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wa geni amene amayenda msewu umenewu mwezi ndi mwezi. Anawakoka alamu malaya nati, "Bambo, khalani chete, kuno si kwanu." Kenaka anakaima pambali pa alongo athu, napereka moni wa Chipwitikizi mwaulemu, osachoka, osakwiya, osaonetsa changu. Patapita kanthawi pasipoti inatuluka m'thumba muja. Tili m'basi mayiyo anatiuza kuti wosankhidwa pamzere amakhala amene maso ake akuonetsa kuti ndi ulendo wake woyamba, ndipo kuti munthu wotereyu asamasiyidwe yekha ndi apaulendo anzake. Kuyambira pamenepo tinkaima atatu phewa ndi phewa paliponse.

Kumbuyo kwa basi kunali anyamata angapo amene sankatsika nafe pamawindo a zidindo. Chipata chikayandikira iwo ankasowa, n'kudzaonekanso patsogolo, fumbi lili thoo m'miyendo. Sitikuwaweruza, pakuti umphawi tikuudziwa, koma makolo amene mumatumiza ana mwa njira imeneyi dziwani kuti munthu wopanda chikalata alibe pakamwa. Womubera amadziwa kuti sakadandaula kulikonse. M'boma lomweli la Moatize, mu March 2020, anthu 64 a ku Ethiopia anapezeka atafa chifukwa chosowa mpweya m'kontena ya galimoto imene inkachokera ku Malawi. Nawonso anali ndi amayi awo amene ankadikira foni.

Tinaoloka Zambezi pa Tete, ndipo madzulo tinali pa Cuchamano ndi Nyamapanda. Ku Harare tinafika usiku. Mnyamata wogulitsa tiyi atatimva tikukambirana anafuula kuti "Achimwene!" akumwetulira. Ndi dzina limene Amalawi timadziwika nalo kumeneko. Agogo ake, iye anatero, anachokera ku Mangochi kudzagwira ntchito m'mafamu, koma iye nyanja sanaionepo. Anatithirira tiyi wodzaza kapu.

Pa Beitbridge tinafika kunja kusanache, mphepo ya mu Limpopo ikulowa mpaka m'mafupa. Mzere unali wautali kotero kuti swala ya m'bandakucha tinaswalira pambali pa basi, mmodzi akuyang'anira katundu. Nthawi imeneyo Mmalawi ankaloledwa kulowa mu South Africa kwa masiku osapitirira 30 popanda viza, koma chofunika ndi tsiku limene lalembedwa pachidindo, osati limene uli nalo m'mutu. Liwerengeni musanachoke pawindo. Malamulo a mu 2014 anakhazikitsa zoti wopitiriza masiku aziletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi mpaka zisanu, ndipo wogwidwa alibe zikalata amakasungidwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo. Azigogo athu a nthawi ya Wenela ndi Theba ankapita ndi nambala, kukafikira m'komponi ya pamgodi. Lero aliyense amadzionera yekha.

Dzuwa likulowa tsiku lachiwiri tinafika pa Park Station. Tisanamalize n'komwe kutsitsa katundu, bambo wina wovala bwino anatiyandikira, nayankhula Chichewa chosalala.

"Amalume, mwafika bwino? Mwana wanu uja wachedwa kuntchito, wandituma ine. Galimoto ili panjapa."

Dzanja lake linali kale pachikwama. Kunena zoona mitima yathu inagwa pansi pomva chiyankhulo cha kwathu pakati pa chipwirikiti chotere, ndipo alamu anali atayamba kale kunyamuka. Alongo athu ndi amene anafunsa modekha: "Zikomo bambo. Nanga mwanayo dzina lake ndani, ndipo kwawo ndi mudzi uti?" Bamboyo anaseka, nati akakayang'ane kaye galimoto. Sitinamuonenso.

Mnyamata wathu atafika, wowonda koma akuyenda yekha, mayi ake analira mpaka anthu kutembenuka. Titamufotokozera za bambo uja sanadabwe. Tinamufunsa kuti watidziwa bwanji kuti ndife Amalawi, pakuti khungu ndi limodzimodzi ndi la eni dziko. Anatiloza ndi chala kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Zikwama zazikulu za mizeremizere zomangidwa ndi chingwe. Chitenje cha alongo athu. Fungo la usipa wouma lochokera m'katoni. Majekete obwereka osatikwana. Koma koposa zonse, anatero, ndi kayendedwe: "Anthu a kuno amayenda ngati achedwa. Inu mumayenda ngati mukupita kudambo kukaona mpunga, maso ali m'mwamba kuwerenga nyumba."

Masiku otsatira tinaphunzira zambiri zimene palibe buku lingakuuze. Minibasi kumeneko amati taxi, ndipo siiitanira. Umaiimitsa ndi chizindikiro cha zala, malo alionse ndi chizindikiro chake. Kondakitala mulibe. Ndalama zimayenda kuchokera kumbuyo, mzere ndi mzere, ndipo wokhala kutsogolo pambali pa dalaivala ndiye amawerengera ndi kubweza chenji. Ife osadziwa tinathamangira mpando wa kutsogolo monga tichitira pa msewu wa Dwangwa. Posakhalitsa manja athu anadzaza ndi ma rand, anthu akuyankhula Chizulu kumbuyo, ife thukuta lili kamukamu. Mtsikana wina wa sukulu ndi amene anatilanditsa, nawerengera zonse mosatinyoza. Safunsa anadya phula.

Chimene chinatipweteka mtima ndi lamulo lina la mnyamatayo: mu taxi musayankhule Chichewa mokweza, foni ikaitana musayankhe. Munthu wokula ndi mwambo wopereka moni kwa aliyense, kukhala duu ngati wakuba! Tinakangana naye usiku wina pankhaniyi, ndipo iye anatikumbutsa zimene tinkangozimva pa wailesi. Mu May 2008 zipolowe zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra n'kufalikira m'dziko lonse, ndipo anthu 62 anaphedwa. Magulu a anthu ankaimitsa munthu, kumuloza chigongono, n'kumufunsa dzina lake m'Chizulu. Liwulo ndi indololwane, ndipo wolephera kulitchula ankaona zakuda. Mwa ophedwawo, 21 anali nzika za South Africa zimene, ena chifukwa chakuda kwambiri, ena chifukwa cha chiyankhulo cha kumpoto kwa dzikolo. Mu April 2015 moto unabukanso ku Durban, mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mu 2019 zinachitikanso, ku Durban mu March ndi ku Johannesburg mu September. Dzina lonyoza limene amatitchula, makwerekwere, akuti limatsanzira mmene ziyankhulo zathu zimamvekera m'makutu mwawo.

Komabe ife tinaona kuti kubisalako kuli ndi malire. Mnyamata wathu wakhalako zaka zisanu ndi ziwiri, Chizulu amachiyankhula, zovala ndi za konko, koma akangotsegula pakamwa m'Chingerezi "l" ndi "r" zimamuulula, ndipo akamalandira chinthu dzanja lamanzere limapita lokha kukagwira mkono wamanja. Titamufunsa chimene chinamusunga mu September 2019, sanatchule Chizulu chake. Anatitengera kwa gogo wina wa Chisutu amene ankachita lendi kuseri kwa nyumba yake nthawi imeneyo. Gogoyo anamutsekera m'chipinda cha adzukulu ake masiku atatu, ndipo anyamata atabwera ndi zibonga anaima pakhomo n'kuwauza kuti muno muli ana ake okhaokha. Chifukwa chake? Mnyamatayo ankamutengera mankhwala kuchipatala ndi kumukonzera denga osalipiritsa. Alongo athu anagwada pansi kuthokoza, gogoyo n'kuwadzutsa akuseka, onse awiri akuyankhula wina osamva mnzake. Tinamusiyira theka la mpunga wathu. Tikanena za nkhanza za dziko limenelo, gogo ameneyu tisamuiwale.

Malo amene tinapumirako chilendo ndi Mayfair ndi Fordsburg. Kumeneko mpango wa alongo athu sunadabwitse munthu, pakuti m'misewu mwadzaza Asomali, anthu a ku Bangladesh, a ku Pakistan ndi Amwenye obadwira konko. Lachisanu tikupita ku Juma tinamva azana, ndipo alamu anaima chilili: "Mawu amenewa ndi a kwathu." Zinalidi choncho. M'mizikiti yambiri ya ku South Africa oitanira swala ndi Amalawi. Titatuluka tinazingidwa ndi anyamata a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi kwathu konkuno, aliyense kufunsa za mvula, za mtengo wa usipa, ndi ngati nyanja yadzaza. Ali ndi kathumba kamene amasonkha mwezi ndi mwezi kothandizira wodwala, wogwidwa ndi maliro. Ndi kathumba kameneka kanalipira lendi ya mnyamata wathu miyezi imene anali gone. Wopita kumeneko ayambe wafunafuna anthu otere tsiku loyamba, asadikire tsiku la mavuto.

Sitikunena kuti madera amenewa mulibe akuba. Foni sitinkaitulutsa pamsewu, dzuwa likalowa tinkakhala m'nyumba, ndipo pasipoti inkagona nafe m'kathumba kosokerera mkati mwa malaya, pamene mapepala ake ojambula anali m'chikwama ndi ena kumudzi.

Tinanyamuka kutatsala masiku asanu kuti chidindo chithe. Mdzukulu anali atazolowera msana wa agogo ake, ndipo kulekana kwake kunali kovuta. Titaoloka pa Dedza alamu anayamba kuyankhula mokweza ngati munthu wotsegulidwa pakamwa, kupereka moni ngakhale kwa osawadziwa. Kuchokera ku Salima, nyanja itaonekera cha ku Chia, basi yonse tinaiona ngati ya abale.

M'mawa mwake tinapita kukagula shuga pa kagolosale kamene takhala tikugulapo zaka zambiri, ka bambo wina wochokera ku Burundi. Tinapeza chitseko chili ndi loko, mashelefu akuoneka opanda kanthu pawindo. Kuyambira mu May chaka chimenecho boma linali likusamutsa othawa kwawo onse okhala m'matauni ndi m'midzi kuwabwezera ku kampu ya Dzaleka ku Dowa, ndipo oyandikana naye anati anachoka usiku ife tili paulendo, ana ake osatsanzika n'komwe kusukulu. M'kabuku kake ka ngongole munali dzina lathu, pa sopo ndi mafuta ophikira zimene tinatenga tikukonzekera ulendo. Tinafuna kufunsa kumene tingamupeze kuti tikabweze, koma tinaima pakhondepo kusowa poyambira. Zaka zonsezi tinkangomutchula kuti Mburundi. Dzina lake palibe mmodzi wa ife atatu amene ankalidziwa.