Mmene Ndinasiyira Fodya

Ine ndine mlimi. Ndimakhala kufupi ndi Fingoé, m'boma la Marávia. Ndili ndi mdzukulu wamkazi. Iye ali m'kalasi yoyamba, monga inu. Lero ndikuuzani nkhani yanga ya fodya. Mukafika kunyumba, mukawerenge pamodzi ndi makolo anu.

Ndinayamba kusuta ndili mnyamata. Inali nthawi ya nkhondo. Tinathawira ku Zambia, ku Ukwimi, m'dera la Petauke. Njala ikandigwira, ndinkapiringa cingambwe m'khoko la cimanga. Ndikasuta, njala inkacepa. Mtendere unabwera pa 4 Okutobala 1992. Pambuyo pake tinabwerera kwathu. Nkhondo inatha, koma fodya sanacoke pakamwa panga.

Kuno ambiri timalima fodya. Tikagulitsa, amapita naye ku fakitale ya mumzinda wa Tete. Conco fodya sankasowa pakhomo panga. Ndinkasuta m'mawa, masana ndi usiku. Kuyambira 2007, lamulo la dziko lathu limaletsa kusuta m'sukulu ndi m'cipatala. Koma m'nyumba mwanga munalibe wondiletsa.

Usiku wina mdzukulu wanga anatsokomola kwambiri. Sanagone mpaka tambala analira. Kutaca ndinamukweza pa njinga, ulendo wa ku cipatala. Anamwino anamuyeza, nampatsa mankhwala. Kenako anandiyang'ana ine.

"Bambo, kodi mumasuta m'nyumba?"

Ndinayang'ana pansi.

"Utsi umene mumatulutsa inu, mwanayu ndiye amapuma," anatero anamwino.

Pobwerera, mwanayo anandigwira malaya. Anati, "Agogo, utsi wanu umandiwawa m'maso." Mawu amenewo anandilasa mumtima. Ndinati, basi, fodya ndasiya.

Koma ndinali ndi mantha. Mlamu wanga wa ku Tete anasiya fodya kale. M'malo mwa ndudu, anayamba maswiti, mandasi ndi zakumwa zotsekemera za m'botolo. Ananenepa kwambiri. Anthu ankati, "Zikumuyendera uyu!" Koma iye akayenda pang'ono, ankapuma wefuwefu. Kenako anamupeza ndi matenda a shuga. Ine ndimakhalira khasu ndi njinga. Thupi likalemera, ndani adzandilimira?

Ndinabwerera kwa anamwino kukafunsa. Iwo anandifotokozera bwino. Mu fodya muli mankhwala ochedwa nikotini. Nikotini amapha njala. Utsi umagonetsanso lilime ndi mphuno. Munthu akasiya, lilime limadzuka. Cakudya cimayamba kukoma. Pakamwa ndi dzanja zimafuna cogwira. Ndiye cifukwa cake ambiri amanenepa makilo 4 kapena 5 m'caka coyamba.

"Musaope," anatero anamwino. "Kunenepa pang'ono sikuopsa ngati fodya. Fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni pa dziko lonse caka ciliconse. Koma samalani, musacotse fodya n'kuikapo shuga."

Masiku atatu oyamba anali owawa. Mutu unkapweteka. Tulo sitinkabwera. Ndinkakwiya ndi nkhuku zomwe. Cibaba cikandigwira, ndinkaona ngati ndifa. Koma ndinazindikira cinthu cimodzi. Cibaba cili ngati mvula ya mkuntho. Cimabwera ndi mphamvu, koma sicikhalitsa. Ukapirira mphindi zocepa, cimapita.

Tsono ndinapeza nzeru zinayi.

Yoyamba inali madzi. Cibaba cikabwera, ndinkamwa cikho cimodzi ca madzi abwino, pang'onopang'ono.

Yaciwiri inali mswaci. Ndinkathyola kamtengo n'kumatafuna. Pakamwa pankapeza nchito, mano nawo ankayera.

Yacitatu inali kuyenda. Kale ndikatha kudya ndinkakhala pansi n'kuyatsa fodya. Tsopano ndikatha kudya ndimanyamuka. Ndimapita kudimba kukathirira ndiwo. M'mawa ndimaperekeza mdzukulu wanga ku sukulu wapansi.

Yacinayi inacokera kwa mkazi wanga. Tsiku lina ndinamaliza nsima yanga, ndipo ndinapempha ina. Iye anaseka.

"Abambo, mimba yanu ndi yomwe ija. Cakula ndi cilakolako."

Sanawonjezere nsima. Anawonjezera ndiwo. Anaphika nkhwani, therere, bonongwe ndi nyemba. Masiku ena ankagula kapenta wa ku nyanja ya Cahora Bassa. Mu tiyi ankathira supuni imodzi ya shuga, osati zitatu. Ndikamva njala masana, ndinkadya gwafa, papaya kapena masawu. Mtedza ndinkadya wodzaza dzanja limodzi basi, cifukwa uli ndi mafuta ambiri.

Sindikunamizani, ndinagwapo kamodzi. Kunali maliro m'mudzi. Tinacezera pamoto usiku wonse. Mnzanga anandipatsa ndudu, ine ndinalandira. M'mawa mdzukulu wanga anamva fungo.

"Agogo, mwasutanso?"

Ndinacita manyazi. Ndinati, "Inde, mwana wanga. Ndalakwa."

Iye sanalire. Anatenga cikho n'kunditungira madzi. Kuyambira tsiku limenelo, tinayamba kuwerenga masiku. Dzuwa likalowa ine ndisanasute, iye ankaponya njere imodzi ya cimanga m'cikombe. Ankawerenga mokweza: imodzi, ziwiri, zitatu. Anaphunzira kuwerenga mpaka 100 ndi njere za agogo ake.

Lero cikombe cija cadzaza. Lamba wanga ndimamangabe pa bowo lomwe lija. Mwezi woyamba anathina pang'ono, kenako anabwerera. Ndimapalasa njinga pa citunda osatsika. Ndimamva fungo la mvula yoyamba, limene ndinaliiwala kalekale. Ndalama ya ndudu ndimagulira sopo, makope ndi mapensulo. Ndipo usiku mdzukulu wanga amagona osatsokomola.

Makolo anzanga, ngati mukufuna kusiya, sankhani tsiku. Pa 31 Meyi ndi tsiku limene dziko lonse limakumbutsana za kuipa kwa fodya. Koma tsiku lililonse ndi labwino. Uzani a pabanja panu kuti akuthandizeni. Pitani ku cipatala mukafunse nzeru.

Ana inu, musayambe fodya. Kuyamba n'kosavuta, koma kusiya n'kovuta. Ngati kwanu kuli wosuta, musamunyoze. Mutungireni madzi, ndipo muyende naye.

Tiyeni tikambirane

1. Kodi agogo anasiya fodya cifukwa ciyani?
2. Chulani nzeru zinayi zimene zinawathandiza.
3. Ndi zipatso ziti zimene zimapezeka kwanu?
4. Jambulani cikombe ndi njere khumi za cimanga.