Uta wolira umachenjeza nguluwe

Abale anga, chimanga chayamba kukhwima, ndipo ife a minda ya m'mbali mwa phiri tasamukira ku chilindo. Nguluwe zikalowa usiku umodzi wokha, m'mawa umapeza mizere yagona ngati padutsa ngolo. Achinyamata ena akumadandaula kuti akaponya muvi nyama ikumathawa usanafike, ena mpaka akuti mauta awo analodzedwa. Palibe ufiti apa, nsinga yanuyo ikulira.

Phokoso limathamanga mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Muvi wa uta wathu wamtengowu sufika ngakhale 60. Ndiye nyama ikakhala pa mamita 20 imayamba yamva kuti thwaa, muvi n'kumabwera pambuyo. Kwa munthu kanthawi kameneko si kanthu, koma nguluwe imakhala itatembenuka kale. Muvi umene unaloza kuseri kwa mwendo wakutsogolo umakalowa m'mimba kapena m'thako. Ndipo nguluwe yovulala inu mukuidziwa. Imang'amba galu, imabwereranso mwini muvi, mumdima.

Ambiri amathamangira kumanga timaubweya pansinga. Ine ndimati yambani ndi muvi. Kulira kuja ndi mphamvu yotsala. Ukakoka uta umasunga mphamvu m'mtengo, ndipo ukasiya, muvi uyenera kuinyamula n'kupita nayo. Muvi wopepuka umangotengako pang'ono, yotsalayo imagwedeza nsinga, mtengo ndi dzanja lako lomwe. N'chifukwa chake ena akaponya kangapo chigongono chimachita dzanzi. Anyamata amakonda bango lowonda ndi kachitsulo kakang'ono poti limauluka patali. Patali pakuti? Pachilindo nyama umayiponya pa mapazi 10 kapena 15 basi. Tengani bango lokhwima, lonenepa, chitsulo cholemererapo, muponye ndi uta womwewo. Khutu lanu likuuzani lokha. Ndipo musamayese uta posiya nsinga popanda muvi, mphamvu yonse imabwerera m'mtengo, umatha kuthyoka.

Mukathana ndi muvi, onani mpata wa pakati pa nsinga ndi pogwirira. Ikani nkhonya pogwirirapo, chala chachikulu chiime, chiyenera kukhudza nsinga. Mpata ukachepa nsinga imamenya mkono ndipo imalira ngati bangwe. Masulani mbali imodzi, mupote nsingayo kangapo kuti ifupike, mumangenso. Pang'onopang'onotu, mukakungitsa mupweteka mtengo. Nyengo ya mvula ino nsinga yachikopa imamwa chinyezi n'kutamuka, ndiye uta umene unali chete mwezi wa October lero ukulira. Muziipaka phula la njuchi, n'kumayeza ndi nkhonya madzulo alionse musanapite kumunda.

Za zingwe zanayiloni zosomola m'matumba ndi m'maneti, ine sindizifuna. Zimatamuka ngati legeni, kulira kwakenso ngati gitala.

Tsopano ubweya uja. Umathandiza ndithu, koma uli ndi malo ake. Gawani nsinga panayi ndi maso, mumange kachikopa ka kalulu kaubweya pa gawo loyamba kuchokera kumtunda, kenanso chimodzimodzi kuchokera kumunsi. Ena amagawa patatu, yesani muone pamene uta wanu ukhalira chete, poti mauta safanana. Kalulu akasowa, ulusi wa juzi yakale umagwira ntchito, kapena mphira wa chubu cha njinga wodula timizere ting'onoting'ono. Azungu amagulitsa tamphira totere m'masitolo mwawo ndi ndalama, ife chubu chakutha chili pakhonde. Musaunjike chimtolo ayi, nsinga ikalemera muvi umafooka. Kunsonga kumene nsinga imagunda mtengo kulunganiko kansanza kofewa.

Apa ndikunena zoteteza munda wako. Zolowa m'paki ya Kasungu kapena m'nkhalango ya Nkhotakota ine ndilibemo, lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, nyama zina zimakupititsa kundende mpaka zaka 30.

Mukamaliza zonsezi, yesani usiku kukakhala zii. Mnzanu ayime pambali, osati kutsogolo, mapazi 15, atembenukire kumbali, akuuzeni chimene wamva. Woponya samva bwino uta wake. Muuzeninso amvetsere mivi ya m'phodo, chifukwa nthawi zina nsinga imakhala yatonthola koma zitsulo zikugundana kumsana. Pamenepo ingoikani udzu wouma pansi pa phodo.