Ku Malambo Mudzi Udzilondera Wokha

Mseu wocokera ku Chipata umatsika pang'onopang'ono pakati pa mapiri kufikira m'cigwa ca Luangwa, dziko la Akunda limene eni ace amalicha Malambo. Kuno midzi ya Mafumu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama iri pafupi ndi nkhalango ya nyama ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1972.

Mlendo amalipira ndalama kuti aone njobvu, koma mlimi wa kuno amacezera m'cilindo usiku wonse kuopa njobvu yomweyo. Gulu limodzi likhoza kutha munda wa cimanga kusanace, kapena kupasula nkhokwe. Kale njala ikalowa m'nyumba, mwamuna anali kutenga mfuti ya gogodela ndi misampha ya waya nalowa m'thengo. Ena anathera m'ndende, ana ao natsala opanda wowalimira. Zipembere nazo zinatheratu m'cigwa conse.

Asilikari a nyama paokha sakanatha kuthetsa bvutoli. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anyamata a m'midzi anayamba kulembedwa nchito yolondera nyama za kwao. Lamulo la nyama la m'caka ca 1998 linapatsa anthu mphamvu yosankha makomiti ao oyang'anira cuma ca m'thengo, amene amalandirako gawo la ndalama zocokera ku nyama.

M'caka ca 2003 kunabadwa bungwe la COMACO. Pangano lace ndi lapafupi: mlenje apereke mfuti ndi misampha yace, aphunzire kulima mosamala nthaka ndi kuweta njuci, ndipo bungwelo limgule mpunga, nshawa, soya ndi uci. Alimi amagwira nchito m'timagulu, nalangizana okhaokha. Mfuti ikacoka m'mudzi, mpumulo sukhala wa nyama zokha ai, pakuti ndeu ya pamowa nayo siithera ku manda.

Woyenda m'minda ya kufupi ndi Mfuwe adzaona mabedi a tsabola wowawa, amene njobvu imadana naye. Ena amanga nkhokwe za simenti zimene citamba sicingabowole. Dzuwa likalowa, alonda a minda yoyandikana amakoleza moto, namaitanizana mumdima ndi zitini ndi mfuu.

Njobvu sizinaleke kuononga, ndipo maliro a ophedwa nazo akali kumveka m'cigwamo. Komabe amene ali m'cilindo usiku uno adziwa kuti akakuwa, mnansi wace adzayankha. Akulu ananena kuti mutu umodzi susenza denga.